Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: tiphunzitseni chinsinsi musanatipatse pasiwedi

Olemekezeka a Nduna,

Ndine wophunzira wa kuno ku Kafue, ndipo tchuthi chapitachi ndinalowa nawo maphunziro achidule a kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta pa zaumoyo. Pempho langa ndi limodzi: ikani lamulo lakuti wophunzira aliyense ayambe waphunzira kusunga chinsinsi cha odwala, nasaina pepala lolonjeza, asanaloledwe kukhala pa kompyuta ya pachipatala.

Ubwino wa SmartCare, dongosolo losunga mbiri ya odwala pa kompyuta, ndauona ndi maso. Unduna wanu unayamba dongosololi mothandizana ndi bungwe la ku America la CDC, makamaka pofuna kuti omwa ma ARV asasowe mbiri yawo akasamuka. Mayi wochoka ku Chipata kudzakhala kuno safunikanso kufotokoza matenda ake kuyambira pachiyambi. Ziwerengero za mwezi nazo zimapita kuboma kudzera mu dongosolo lina la pa kompyuta la DHIS2, ndipo kolera atavuta mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la masewera la Heroes kusanduka chipatala, tonse tinaona kufunika kodziwa msanga kumene matenda abuka.

Koma Kafue ndi tauni yaing'ono, bwana. Wa ku Shikoswe amadziwa wa ku Zambia Compound, wa ku Estates amapemphera ndi wa ku Nangongwe. Pamene tinatumizidwa pa kiliniki ina kukathandiza kulowetsa mafayilo, mayina amene ankatuluka pa sikirini sanali achilendo. Ena anali a anthu amene timagulako nsomba, ena a makolo a anzathu a kusukulu. Dzina likatuluka, pansi pake pamabwera mankhwala amene munthuyo amamwa ndi tsiku limene adzabwerenso. Tinali titaphunzira bwino kusaka dzina, kukonza tsiku lobadwa lolakwika ndi kupeza munthu wolembedwa kawiri, koma za pakamwa pathu zinangotchulidwa modutsa. Anatichenjeza ndi nesi wina wachikulire, mwa iye yekha, kuti zimene taonazo zisatuluke pakhomo.

Malaiti akathima vutoli limakula. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi opangira magetsi ku damu la Kariba, ndipo ngakhale ife oyandikana ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge tinkakhala mumdima maola ambiri. Zikatero manesi amalemba pamapepala, mapepalawo amaunjikana, ndipo magetsi akabwera odzawalowetsa mu kompyuta ndife achinyamata, poti zala zathu n'zofulumira. Ndiye kuti wamng'ono kwambiri pachipatala ndiye amawerenga zinsinsi zambiri.

Dziko lathu lili ndi Data Protection Act ya 2021, koma lamulo la m'buku silingatseke pakamwa pa mwana wa zaka 19 amene sanalimvepo. Tipatseni sabata yoyamba ya phunziro limeneli m'Chinyanja ndi m'Chitonga, ndi zitsanzo za kumudzi kuno. Wophunzira aliyense akhalenso ndi pasiwedi yakeyake, osati yobwereka, kuti fayilo ikatsegulidwa popanda chifukwa adziwike amene anaitsegula.

Ine wanu mwaulemu,
Wophunzira wa ku Kafue