Nambala Wani: Kodi Adaŵerenga Ndani?



Pali mau aŵiri amene afala pakamwa pa ana athu, kuyambira pa boma pa Mzimba mpaka ku Jenda ndi ku Embangweni. Oyamba ndi akuti "nambala wani," ndipo amanena nyimbo imene akuti yaposa zinzake zonse. Achiŵiri ndi akuti "champiyoni," ndipo amanena chiphona chimene chanyamula lamba pa maseŵera ogwetsana a pa kanema aja, otchedwa wrestling. Mwana akamva mau ameneŵa amangovomera, monga ngati atuluka m'kamwa mwa woweruza milandu. Komatu ife a ntchito ya choko timadziŵa kuti sipakhala nambala wani popanda wochonga mayeso. Tsono mwezi uno tiyeni tifunse kuti pa nyimbo ndi pa maseŵera ameneŵa wochonga ndani, ndipo amachonga chiyani. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Chiyambi cha mndandanda wa nyimbo

Mndandanda wa nyimbo zoyenda malonda, umene ena amautcha tchati, udabadwira m'sitolo. Ku Britain, m'mwezi wa November 1952, Percy Dickins wa nyuzipepala ya New Musical Express adaimbira lamya masitolo ngati 20 ogulitsa mbale za galamafoni, naŵafunsa mbale zimene zidagulidwa koposa sabata imeneyo. Ataphatikiza mayankho adasindikiza mndandanda, ndipo pamwamba pake padali woimba wa ku America, Al Martino. Ku America nako, magazini ya Billboard idayambitsa mndandanda wake wotchuka wa Hot 100 mu August 1958. Iyo inkaphatikiza malonda a m'masitolo ndi kuchuluka kwa nthaŵi zimene nyimbo idamveka pa mawailesi.

Taonani bwino pamenepa. Dziko lonse la Britain lidaimiridwa ndi masitolo 20 okha, ndipo munthu amene adagula mbale yake kwina sadaŵerengedwe. Kuonjezera apo, chiŵerengero chinkachokera pakamwa pa mwini sitolo ndi pa muulutsi, ndipo pakamwa pa munthu pamatha kupindika ndi ndalama. M'zaka za 1959 ndi 1960 aphungu a ku America adafufuza za makampani amene ankapatsa aulutsi ziphuphu kuti aziika nyimbo zao kaŵirikaŵiri. Muulutsi wotchuka Alan Freed adachotsedwa ntchito mu 1959 nkhaniyi ili m'kati.

Zinthu zidasintha mu 1991, pamene Billboard idayamba kugwiritsa ntchito makina a SoundScan. Makinaŵa ankaŵerenga timizere ta pa chikuto cha chimbale chilichonse pa nthaŵi imene wogula akulipira. Zimene zidatuluka zidadabwitsa akatswiri. Nyimbo za country, zimene ifenso kuno timazikonda, pamodzi ndi nyimbo za rap, zidakwera mwadzidzidzi, ndipo chaka chomwecho chimbale cha Garth Brooks chidangofikira pa nambala wani. Anthu sadasinthe makutu usiku umodzi ayi. Iwo ankagula nyimbozo kuyambira kale, kungoti oŵerenga akale sankaŵaona.

Pamene anthu adayamba kumvera nyimbo pa intaneti osagula chimbale, oŵerenga adapangana za muyeso watsopano. Mu July 2014 a ku Britain adati nyimbo ikamvedwa ka 100 pa intaneti ikhale ngati yagulidwa kamodzi. Mu 2018 Billboard idati pa mndandanda wa zimbale, kumvera ka 1,250 kwa anthu olipira mwezi ndi mwezi kufanane ndi chimbale chimodzi, koma kwa omvera mwaulere pafunike ka 3,750. Mwana wa Sitandade 5 angathe kuŵerengera samu imeneyi: pa muyeso umenewo, makutu a anthu atatu osalipira adalingana ndi khutu la munthu mmodzi wolipira. Chotero mndandanda umayeza ndalama zimene nyimbo yaloŵetsa m'sabata imodzi, m'malo amene woŵerenga angathe kufikamo. Za kukoma kwa nyimbo kapena nzeru za mau ake, mndandanda ulibe sikelo yake.

Nanga kuno kwathu?

Abambo ambiri a m'boma lino adagwirapo ntchito ku Joni, ndipo ena a iwo akukumbukira Top 20 ya Springbok Radio, wailesi imene idatsekedwa kumapeto kwa 1985. Nyimbo za simanjemanje zimene abamboŵa ankabwera nazo m'masutikesi, zimene zinkavinitsa mudzi wonse pa Khirisimasi, sizinkaoneka kaŵirikaŵiri pa mndandanda umenewo, chifukwa wailesiyo idalunjika kwa azungu. Dziko la South Africa lidakhazikitsa mndandanda watsopano mu 2021, woŵerenga nyimbo zomvedwa pa intaneti.

M'Malaŵi muno, nyengo imene malonda a nyimbo ankaoneka ndi maso idali ya makaseti, m'zaka za m'ma 1990. Oimba ambiri ankapereka nyimbo zao kwa ogulitsa akuluakulu monga O.G. Issa ku Limbe, ndipo bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA, limene lidayamba mu 1992, linkaika chizindikiro pa makaseti ovomerezeka. Kaseti inkagwirika m'manja, tsono inkathekanso kuŵerengeka. Koma taganizani za njira imene nyimbo imafikira kwa mnyamata wa ku Luwerezi kapena ku Mabulabo m'nyengo ya mafoni. Iye amapita kwa mnzake wa kompyuta pa msika, nalipira kangachepe kuti amdzazire nyimbo m'memori khadi. Madzulo amagaŵira anzake pa foni, anzakewo nagaŵiranso ena. Nyimbo ingathe kumveka pa ukwati uliwonse kuchokera ku Edingeni mpaka ku Khosolo popanda makina alionse oilemba. Lamulo la 2016 lidaika msonkho pa zipangizo zosungiramo nyimbo kuti aluso azipezako kanthu, koma msonkho sungatiuze nyimbo imene anthu a ku Champhira aikonda.

Ndiye mukamva pa wailesi kuti nyimbo yakuti ili pa nambala wani, funsani kuti chiŵerengerocho chachokera kuti. Mwina chachokera kwa omvera amene ali ndi mayunitsi oimbira foni, mwina kwa amene ali ndi intaneti ya m'tauni, mwinanso muulutsi wasankha yekha. Njira zonsezi zili ndi ntchito yake, koma agogo a kumudzi ndi kwaya ya ku sukulu sakhalamo.

Lamba wa chiphona

Tibwere tsono ku nyumba zoonetsera kanema za pa msika, kumene ana athu amathera ndalama ndi nthaŵi poonera ziphona zikugwetsana. Chinthu choyamba chimene kholo liyenera kudziŵa n'chakuti wopambana pa maseŵera ameneŵa amasankhidwa ndeu isanayambe. Imeneyi si mphekesera. M'chaka cha 1989 kampani ya WWF, imene idasintha dzina mu 2002 kukhala WWE, idanena yokha pamaso pa aphungu a ku New Jersey kuti zochita zake ndi zosangalatsa anthu chabe, si mpikisano weniweni. Eni kampani amalemba nkhani monga momwe mphunzitsi amalembera seŵero la tsiku lotsekera sukulu, ndipo lamba amampatsa munthu amene khamu likufuna kulipira kuti limuone. Motero lamba ndi mndandanda wa nyimbo ndi pachibale. Zonse ziŵiri zimaloza kumene ndalama za anthu zikupita.

Chitsanzo chabwino ndi Mark Calaway wa ku Texas, wobadwa mu 1965, amene ana amamdziŵa ndi dzina lakuti The Undertaker. Iye adaonekera koyamba ndi dzina limeneli pa 22 November 1990, ndipo adatsazika pa 22 November 2020, patapita zaka 30 zathunthu. Pa chionetsero chachikulu cha chaka ndi chaka chotchedwa WrestleMania adapambana maulendo 21 motsatizana, kuyambira 1991 mpaka 2013. Pa 6 April 2014, mu mzinda wa New Orleans, Brock Lesnar adamgonjetsa, khamu lonse n'kungoti kakasi. Koma kupambana ka 21 kuja pamodzi ndi kugonja kwa tsiku limenelo zidachokera pa chigamulo cha mwini kampani, Vince McMahon.

Kodi tinene kuti zonse ndi bodza? Iyayi. Kugwa kwake n'koona, ndipo mafupa amene amagwera pansiwo ndi a munthu. Usiku womwewo wa 2014 Calaway adavulala m'mutu, natengeredwa ku chipatala. M'zaka zake za ntchito adachitidwa maopaleshoni ambiri, kuphatikizapo a m'chiuno. Mnzake Owen Hart adafa pa 23 May 1999 ku Kansas City, atagwa kuchokera kudenga la bwalo pamene ankamtsitsa ndi chingwe. Ameneŵa ndi anthu ophunzitsidwa kugwa kwa zaka zambiri, okhala ndi madokotala pafupi. N'chifukwa chake kampaniyo idafika poulutsa machenjezo akuti oonera asayesere zimenezi kunyumba. Mwana wa pa sukulu ya pulaimale amene anyamula mnzake n'kumponya pa bwalo louma la mwezi wa October alibe maphunziro amenewo, ndipo chipatala chili kutali. Khosi la mwana silichedwa kuthyoka.

Chimene mwini kampani sakadatha kulemba papepala ndicho zaka 30 zija. Akadatha kupatsa munthu lamba Lamulungu n'kumlanda Lolemba, koma sakadatha kulamula thupi la munthu kuti lipirire, kapena kukakamiza khamu kuti likondebe munthu mmodzi kuyambira pa makolo mpaka pa ana ao. Ziphona zambiri zidabwera ndi mkokomo m'zaka zimenezo, n'kuzimirira patapita zaka ziŵiri kapena zitatu. Calaway adakhalitsa chifukwa ankafika pa ntchito, ankasintha kachitidwe kake nyengo ikasintha, ndipo anzake ankamkhulupirira kuti akaŵanyamula aŵatsitsa bwino. Pa ntchito imene moyo wako uli m'manja mwa amene ukulimbana naye, kukhulupirika kotere ndiko chuma.

Muyeso wa zaka

Pa nyimbo napo muyeso wa zaka umanena zimene muyeso wa sabata sunganene. Agide, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, adabadwa mu 1930 ndipo adaimba ndi gitala lao kwa zaka zambirimbiri osalemera nazo. Mu 2020 Patience Namadingo adajambula nao nyimbo zao zakale, ndipo pambuyo pake nyimbo ya "Linny Hoo" idafala pa TikTok, n'kumvedwa ndi anthu mamiliyoni m'maiko akutali. Makina oŵerenga adaŵapeza ali ndi zaka 90, chonsecho luso lao lidalipo kuyambira kale, ndipo Amalaŵi ankalidziŵa.

Chitsanzo china chili pakhomo pathu pomwe. Pa Loudon, pamene lero timati Embangweni, m'busa Donald Fraser, amene adakhazikitsa malowo mu 1902, ankachititsa mipikisano ya nyimbo zatsopano, ndipo anthu ankapeka nyimbo pa maimbidwe a makolo ao a Chingoni ndi Chitumbuka. M'nyengo imeneyo mudatuluka apeki monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula, amene nyimbo zao zidaloŵa m'buku la Sumu za Ukhristu. Papita zaka zoposa 100, ndipo nyimbozo zikumvekabe pa maliro ndi pa zikondwerero, zoimbidwa pamtima ndi anthu amene sadziŵa n'komwe dzina la wopeka. Palibe sitolo imene idaziŵerenga. Nyimbo zambiri zimene zidakhala pa nambala wani zaka 10 zapitazo, lero ngakhale amene adazivina sangakumbukire mau ake.

Mau kwa makolo ndi kwa ana

Makolo anzanga, kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti mwana woletsedwa amakaonera kwa anzake. Khalani naye pansi, mumfunse za chiphona chimene amachikonda, ndipo mumfotokozere kuti akuona seŵero la anthu ophunzitsidwa. Mwana akadziŵa zimenezi amasangalala nalobe seŵerolo, koma saponyanso mng'ono wake pansi. Mumfunsenso za nyimbo zimene zili m'foni mwake, kuti mau ake akuti chiyani, ndiponso ngati woimbayo adalandirapo kanthu pa thukuta lake. Woimba wathu akabwera kudzaimba pa boma, kapena kwaya ikatulutsa chimbale, kulipira pakhomo ndi kugula chimbale chenicheni ndiyo voti imene ife a kuno tili nayo.

Ndipo inu achinyamata, mudzakumana ndi mindandanda yambiri m'moyo: ya m'kalasi, ya mpira, ya amene ali ndi otsatira ambiri pa Facebook. Musaipeputse, pakuti ina imathandiza, koma pa uliwonse muzifunsa kuti adaŵerenga ndani, adaŵerenga chiyani, ndipo adasiya yani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene wakhala nambala wani teremu ino asadzitame, ndipo amene wakhala nambala 30 asataye mtima, chifukwa teremu imodzi ili ngati sabata imodzi ya pa mndandanda. Aphunzitsi taona ana ambiri a pakati pa kalasi amene adalimbikira chaka ndi chaka, ndipo lero ndiwo anamwino, amisiri ndi alimi odalirika a m'midzi yathu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Tsalani bwino mpaka mwezi wa maŵa.