Mafuwa Atatu a Sukulu Zathu

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, m'maofesi ndi m'misonkhano ya makolo mumamveka mawu amodzimodzi, akuti aphunzitsi satsata silabasi. Mawuwa ngosavuta kunena, pakuti mphunzitsi ali pafupi, ndipo aliyense adziwa khomo la nyumba yake. Koma ife tipempha owerenga athu, makamaka iwo ogwira ntchito za Boma, kuti asanaweruze mlanduwu ayambe amva zimene anthu ofufuza anapeza m'maiko a anzathu.

Maphunziro a mwana akhala ngati mphika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndilo silabasi, imene inena zoti mwana adziwe m'kalasi iliyonse. Lachiwiri ndilo mayeso. Lachitatu ndizo zimene mphunzitsi aphunzitsadi pamene ali yekha ndi ana ake. M'chaka cha 2020 Julius Atuhurra ndi Michelle Kaffenberger anafalitsa zimene anapeza m'sukulu za pulaimale za ku Uganda ndi ku Tanzania, kumene anakayeza ngati mafuwa atatuwa alingana. Anagawa phunziro lililonse mitumitu, nawerenga mitu yolembedwa m'silabasi, mitu yofunsidwa pa mayeso, ndi mitu imene aphunzitsi anati ndiyo imawadyera nthawi.

Ku Uganda, mwa mitu 14 ya Chingerezi imene ili m'silabasi, mitu 4 yokha ndiyo inapezeka pa mayeso otsiriza a pulaimale, ndipo mitu iwiri mwa imene silabasi iikweza koposa sinafunsidwe konse. Ku Tanzania inapezeka 3 yokha, ndipo mafunso ake anali ofuna kuloweza basi. Nanga mphunzitsi anatsata chiti? Wina akadayesa kuti anataya silabasi nathamangira mayeso. Iyayi. Sanagwirizane ndi chilichonse mwa ziwirizo, koma anangokhudzakhudza zonse pamwamba, monga munthu wopalira minda iwiri tsiku limodzi. Chinthu chimodzi tsono tisachiphonye: pa masamu a ku Uganda, pamene silabasi ndi mayeso zinanena chimodzi, kaphunzitsidwe nakonso kanalingana nazo bwino. Aphunzitsi a dziko lomwelo, ouzidwa mawu amodzi, anachita chimodzi.

Kuno kwathu ntchitoyi inagawidwa patatu. Silabasi ndi mabuku zikonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mayeso akonzedwa ndi bungwe la MANEB ku Zomba. Ndipo m'chaka cha 2015 Unduna wa Maphunziro unatulutsa miyezo 26 yoyezera sukulu, imene oyendera sukulu ayenda nayo. Zonsezi nzabwino, ndipo anthu ozigwira ngodziwa ntchito yawo. Koma mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa alandira makalata atatu ochokera ku maofesi atatu, ndipo akasiyana ngakhale pang'ono, iye ndiye asenza kusiyanako pamaso pa ana ndi makolo. Kuchokera ku Domasi kufika ku Zomba si mtunda wautali. Tikhumba kuti mapepala awo akhalenso pafupi chomwecho.

Kapena wina adzati, "Chabwino, tilinganize mayeso ndi silabasi, nkhani yatha." Sinathe ayi, pakuti silabasi nayonso ikhoza kuthamanga kusiya mwana m'mbuyo. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni nafika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi oyamba anadzaza koopsa. Mphunzitsi wa kalasi yotere akaumirizidwa kutsiriza mitu yonse pa nthawi yake, adzaitsirizadi pa bolodi ndi m'sikimu, woyendera sukulu nasaina mokondwa, koma ana ambiri adzakwera kalasi osadziwa kuwerenga. A ku Tanzania anaona ichi, ndipo m'chaka cha 2015 anachepetsa maphunziro a Sitandade 1 ndi 2 kuti nthawi yaikulu ipite ku kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Nafenso tinalowa njira yofanana pamene ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'dziko lonse inayamba m'chaka cha 2016.

Pempho lathu ndi laling'ono, losalira ndalama zambiri. Akuluakulu a ku Domasi ndi a ku MANEB akhale pa tebulo limodzi, atenge silabasi ya phunziro lililonse ndi mapepala a mayeso a zaka zisanu zapitazi, nalembe poyera mitu imene ifunsidwa ndi imene siifunsidwa. Mutu wofunika koma wosafunsidwa ulowe m'mayeso. Mutu umene onse avomereza kuti ngwosafunika uchoke m'silabasi. Pepala limenelo lifike kwa alangizi a maphunziro m'zoni iliyonse teremu yoyamba isanayambe, aphunzitsi asanalembe masikimu awo.