Macbeth ndi utsi wa onga wa 1605

Mwana wasukulu akamawerenga Macbeth, sewero la Shakespeare, kawirikawiri amauzidwa kuti ndi nkhani ya msilikali wadyera amene adapha mfumu chifukwa cha mawu a afiti ndi a mkazi wake. Zimenezo n'zoona, koma sizikwanira. Seweroli lidalembedwa cha m'ma 1606, mzinda wa London ukadali ndi mantha.

Pa 5 Novembala 1605, Guy Fawkes adagwidwa pansi pa Nyumba ya Malamulo akulondera migolo 36 ya onga. Gulu lake, lotsogozedwa ndi Robert Catesby, lidafuna kuphulitsa Mfumu James pamodzi ndi nduna zake. Onsewo adali Akatolika otopa ndi nkhanza. Chiyambire 1534, pamene Henry VIII adadzitcha mutu wa mpingo wa ku England, chipembedzo chidasanduka mlandu wa boma, ndipo kuyambira 1581 munthu wokana mapemphero a mpingo wa boma ankalipitsidwa mapaundi 20 pamwezi.

Mwa amene adazengedwa mlandu pambuyo pake padali wansembe wa Chijezwiti, Henry Garnet. Iye adamva za chiwembucho kudzera m'chinsinsi cha kulapa ndipo sadaulule. Pomuweruza, boma lidamunyoza kwambiri chifukwa cha chiphunzitso chakuti munthu angathe kuyankha mawu a matanthauzo awiri pansi pa lumbiro osachimwa. Adamunyonga pa 3 Meyi 1606. Tsono mlonda woledzera wa m'Macbeth, amene amadziyesa wotsegula chipata cha gehena nalandira munthu wolumbira mbali ziwiri, akunena za nkhani yomwe aliyense m'bwalo la zisudzo ankaidziwa. Afiti nawonso amamuwononga Macbeth ndi chida chomwecho: malonjezo oona m'khutu, onama m'tanthauzo. Apa ndi pamene pali mtima wa seweroli, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'kalasi pamadutsidwa mothamanga ngati nthabwala chabe.

Ndale zili ponseponse. James adali Msikoti, ndiye mthandizi wamkulu wa gulu la zisudzo la Shakespeare kuyambira 1603, ndipo adalembapo buku lokhudza ufiti mu 1597. Banja lake linkati lidachokera kwa Banquo, mnzake wa Macbeth m'seweroli. M'mbiri ya Holinshed, komwe Shakespeare adatenga nkhaniyi, Banquo adathandiza Macbeth kupha Mfumu Duncan. M'seweroli manja ake alibe magazi. Wolemba adadziwa kuti kholo la mfumu silingaoneke wakupha pamaso pa mdzukulu wake.

Ena amati mbiri yotere imalemetsa ophunzira. Koma mphunzitsi amene angapatule phunziro limodzi lokha kufotokoza za Garnet ndi migolo ija adzaona ana akuyamba kufunsa okha chifukwa chake mawu a afiti amasokeretsa, komanso chifukwa chake mafumu asanu ndi atatu a mbumba ya Banquo amaonetsedwa pabwalo, womaliza atanyamula galasi.