Mabanja ogulitsa ma noodles ku China apanikizika pamene mitengo itsika

Mu July caka ca 2025, bungwe la boma la China loyang'anira za misika linaitana akulu-akulu a makampani atatu amene amaperekera anthu cakudya kunyumba, Meituan, Ele.me ndi JD.com, ndi kuwacenjeza kuti aleke kupikisana mwa kugwetsa mitengo mopitirira muyeso. Aka kanali kaciwiri m'caka comweco, pakuti bungweli linali litawaitanapo kale mu May.

Kwa munthu womva nkhaniyi ali kutali, n'zodabwitsa kuti boma lingade nkhawa cifukwa cakudya catsika mtengo. Koma amene anali kulira sanali ogula ai. Anali eni a tinyumba todyeramo tating'ono-ting'ono, ambiri a iwo mabanja amene amaphika okha ndi kugulitsa okha. Pakati pa mabanja amenewa pali ogulitsa ma noodles a nyama ya ng'ombe ochedwa Lanzhou lamian, amene amapezeka pafupi-fupi mumzinda uliwonse wa dzikolo.

Lanzhou ndi likulu la cigawo ca Gansu, kumpoto cakumadzulo kwa China, m'mbali mwa mtsinje wa Yellow River. Kumeneko mbale ya ma noodles ndi cakudya ca m'mawa. Malo odyera ambiri amatsegula kusanace bwino, ndipo ena amatseka masana msuzi ukangotha. Wogula amalipira pakhomo, amalandira kapepala, kenaka amapita pa windo la khichini kukanena mtundu wa ma noodles amene afuna: opyapyala ngati tsitsi, apakati, kapena otambalala ngati lamba. Wophika amadula ufa wa tirigu wokanda kale, amaukoka ndi manja awiri, kuupinda, kuukokanso, mpaka usanduke zingwe zambiri zofanana, ndipo amaziponya m'madzi owira. Sipapita nthawi, mbale yotentha ili m'manja mwa mwini wake. Anthu amadya mofulumira, mogundana mapewa ndi alendo pa thebulo limodzi, ndi kunyamuka kuti ena akhale.

Anthu a ku Lanzhou amayesa mbale yabwino ndi zizindikiro zisanu. Msuzi ukhale woonekera mpaka pansi, radish akhale woyera, mafuta a tsabola akhale ofiira, masamba a coriander ndi a adyo akhale obiriwira, ndipo ma noodles eni-ake akhale acikasu. Nyama m'mbalemo imakhala yocepa, tizidutswa towerengeka cabe. Wofuna yambiri amagula mbale ina yapadera, ndipo pamenepo m'pamene mwini malo amapezera kaphindu. Mbiri imanena kuti amene anakhazikitsa kaphikidwe kameneka ndi Ma Baozi, Msilamu wa mtundu wa Hui, amene anayamba kugulitsa cakudyaci mumzindawo m'caka ca 1915.

Cimene ogula ambiri a m'mizinda ina sadziwa n'cakuti malo ambiri olembedwa dzina la Lanzhou si a anthu a ku Lanzhou. Eni ake ocuruka amacokera ku cigawo coyandikana naco ca Qinghai, maka-maka m'boma la Hualong, dera la mapiri ndi la mvula yocepa kumene ulimi sunali kudyetsa banja caka conse. Kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Asilamu a m'derali anayamba kupita ku mizinda ya m'mbali mwa nyanja monga Xiamen kukatsegula malo ophikira cakudya cololeka pa cipembedzo cao. Wopita patsogolo anali kuitana mphwake kapena mlamu wake. Mnyamata anali kuyamba ndi kutsuka mbale, pambuyo pake kuphunzira kukoka ma noodles, ndipo akadziwa nchito acibale anali kumusonkhera ndalama kuti akatsegule pake. Akulu-akulu a boma la Hualong anaona phindu la zimenezi ndipo anathandiza ndi ngongole ndi maphunziro, cifukwa ndalama zotumizidwa kumudzi zinali kumanga nyumba ndi kuphunzitsa ana. Panabukanso lamulo losalembedwa lakuti munthu asatsegule malo ake pafupi ndi a mnzake, lamulo limene nthawi zina linabweretsa mikangano ndi amalonda ocokera kwina.

Apa m'pamene pagona cinsinsi ca kuchipa kwa mbaleyi. Bambo ali pa ufa, mai ali pa ndalama ndi pa mphika, mwana wamkulu apukuta mathebulo. Palibe amene amalandira malipiro a pamwezi, ndipo palibe amene amawerenga maola. Msuzi wa mafupa umafuna maola ambiri pamoto, kotero wina ayenera kudzuka usiku. Lendi ikalipidwa, ufa, nyama ndi gasi zikagulidwa, cotsala ndico malipiro a banja lonse. Mtengo ukatsika popanda lendi kutsika, kusiyanako kumacoka pa tulo ndi pa thumba la banjalo.

Aka si koyamba kuti boma lilowerere pa mtengo wa mbale imeneyi, koma poyamba linalowera mbali ina. M'caka ca 2007 zakudya zinakwera mtengo kwambiri m'dziko la China, ndipo mu June ogulitsa ma noodles ku Lanzhou anakweza mbale yaikulu kucoka pa ma yuan 2.5 kufika pa ma yuan 3. Anthu anadandaula, ndipo ofesi yoona za mitengo mumzindawo inalamula kuti malo odyera wamba asapitirire ma yuan 2.5. Nkhaniyi inakambidwa m'manyuzipepala a dziko lonse, ena akuti boma lateteza osauka, ena akuti boma silingaike mtengo wa mbale pamene silinaike mtengo wa ufa ndi wa nyama. Anthu a mu Zambia amene akumbukira zipolowe za unga za mu December 1986 ku Copperbelt ndi za mu June 1990 mu Lusaka, adziwa cifukwa cake olamulira sagona tulo cakudya ca tsiku ndi tsiku cikakwera. Masiku ano mbale wamba ku Lanzhou igulidwa pafupi-fupi ma yuan 8, kupitirira pang'ono dola imodzi ya ku America.

Vuto la tsopano ndi losiyana. Cuma ca China sicikuthamanga monga kale, mitengo ya nyumba inagwa, ndipo mabanja ambiri asunga ndalama m'malo modya kunja. Ogulitsa cakudya ndi ambiri koposa ogula. Ziwerengero za kampani ya Qichacha, imene imasunga kaundula wa mabizinesi, zinasonyeza kuti m'caka ca 2024 mabizinesi a zakudya pafupi-fupi mamiliyoni atatu anatsekedwa. Ambiri amene anacotsedwa nchito kwina amathamangira kutsegula malo odyera, poganiza kuti munthu aliyense amadya, ndipo amapeza kuti mumseu umodzi muli kale anzao asanu.

Pamwamba pa zimenezi panabwera nkhondo ya makampani a pa foni. Mu February 2025 kampani ya JD.com inalowa m'malonda operekera cakudya kunyumba, amene anali m'manja mwa Meituan ndi Ele.me ya kampani ya Alibaba. Mu July, Alibaba inalengeza kuti idzaononga ma yuan mabiliyoni 50 pocepetsera ogula mitengo. Panali masiku ena pamene anthu anali kumwa tiyi wa mkaka pafupi-fupi mwaulere. Koma kucotsera kumeneku sikunali kulipiridwa ndi makampani okha. Mbali ina inali kugwera mwini malo odyera, kuonjezera pa gawo limene kampani imadula pa mbale iliyonse. Wokana kulowa m'mpikisano anali kutsikira pansi pa mndandanda wa pa foni, kumene ogula safika. Wovomera anali kugwira nchito yowirikiza pa phindu locepa, ndipo anali kuona makasitomala ake akale, amene anali kubwera kudzakhala pa thebulo, akuitanitsa cakudya comweco pa foni pa mtengo wotsika.

Kwa wogulitsa ma noodles a msuzi palinso vuto lina limene wogulitsa mpunga alibe. Ma noodles okokedwa ndi manja amafuna kudyedwa nthawi yomweyo. Akakhala m'kabokosi pa njinga yamoto kwa mphindi makumi awiri amafewa ndi kumamatirana, ndipo wogula amalemba dandaulo lake pa foni pa dzina la banjalo, osati pa dzina la kampani. Ngakhale makampani eni-ake sanatulukemo bwino: Meituan inalengeza kuti inataya ndalama m'miyezi ya July mpaka September 2025.

Kenaka panabwera cigamulo ca bwalo lalikulu la milandu la dzikolo, cimene cinayamba kugwira nchito pa 1 September 2025. Bwaloli linanena kuti pangano lililonse limene wanchito avomera kusalipiriridwa ndalama za penshoni ndi za cipatala n'lopanda mphamvu, ndipo wanchito angathe kusiya nchito ndi kupempha cipukuta-misozi. Lamulo lakuti olemba anthu nchito azilipira ndalamazi linalipo kale, koma malo ang'ono-ang'ono ambiri anali kulizemba mwa kupatsa wanchito kandalama koonjezera m'manja. Pa penshoni yokha, wolemba nchito ayenera kulipira 16 peresenti ya malipiro a wanchito. Palibe angatsutse kuti munthu woima pa mphika wotentha tsiku lonse ayenera kukhala ndi podalira akakalamba. Koma malo a mathebulo asanu ndi limodzi amene analemba munthu mmodzi wakunja ali ndi njira ziwiri cabe: kukweza mtengo pamene anzao akutsitsa, kapena kumulola apite ndi kuitana wacibale kucokera kumudzi.

Makampani akulu nawonso aona kuti m'mbale imeneyi muli ndalama. Ca m'ma 2021, oika ndalama m'mabizinesi anathira cuma cambiri m'makampani monga Ma Jiyong ndi Chen Xianggui, amene anatsegula malo oyera ndi owala m'masitolo akulu-akulu, ndi kugulitsa mbale pa mtengo woposa wa ku Lanzhou katatu. Makampani a malo ambiri amatha kugula nyama ndi ufa mocuruka pa mtengo wotsika ndi kukonzera zinthu zina pamalo amodzi, zimene banja limodzi silingathe.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene catembenukira ku mbali ya mabanja. Mu September 2025, Luo Yonghao, wamalonda wochuka pa intaneti, anadandaula poyera kuti cakudya ca kampani yaikulu ya Xibei cinali cokonzedweratu kwina koma cogulitsidwa modula. Kampaniyo inakana, koma mkanganowo unakula m'dziko lonse ndipo ogula ambiri anayamba kufunsa kuti cakudya cao caphikidwa kuti ndiponso liti. Pa funso limeneli banja logulitsa ma noodles silifunika kuyankha ndi mau, cifukwa ufa umakokedwa wogula akuona.

Kaya zimenezi zidzabweza anthu okwanira pa mathebulo, zidalira pa zinthu zimene banja silingathe kulamulira, ndipo cimodzi mwa izo ndi nyama. M'caka ca 2024 mtengo wa nyama ya ng'ombe unatsika kwambiri ku China cifukwa ca kuculuka kwa yocokera kunja, maka-maka ku Brazil, ndipo ophika anapumako pang'ono pamene oweta ng'ombe anali kulira. Pofuna kuteteza owetawo, boma linaika malire a nyama yolowa kucokera ku dziko lililonse kuyambira pa 1 January 2026, ndi msonkho woonjezera wa 55 peresenti pa yopitirira malirewo, kwa zaka zitatu.