Mkazi ali m'chikuta, iwe uli pa bawo

Lero za mitengo ya feteleza tiyambe taziika pambali. Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi kuyambira m'mawa, ndipo abambo ena mundida nayo. Palibe kanthu, ndidani basi.

M'mawa uno popita kudimba ndadutsa pamjigo. Ndapeza mtsikana wina wa m'mudzi mwathu muno akupopa madzi, dzanja limodzi pachitsulo, linalo wagwira pamimba. Mtsikanayu wachira masiku asanu ndi limodzi apitawa, ndipo wachira ndi opaleshoni. Mchombo wa mwana sunagwe n'komwe. Ndowa yake ndi ya malita 20, ndiye kuti makilogalamu 20 pamutu pa munthu amene bala lake likadali laliwisi. Ndamufunsa kuti, “Mwanawe, bambo a mwana ali kuti?” Wangoyang'ana pansi. Ndamangirira ndowayo panjinga n'kukamutulira pakhomo.

Pobwerera ndam'peza mwamunayo pansi pa mtengo wa mango pasitolo, ali pa bawo, akuseka mano onse pamtunda. Ndam'kokera pambali. Yankho lake? “Madala, za m'chikuta ndi za azimayi. Mwambo sulola.”

Mwambo eti? Chabwino, tiyeni tikambe za mwambowo, chifukwa ine ndakulira momwemo. N'zoona, makolo ankati mwamuna asalowe m'nyumba momwe muli mayi ndi khanda mpaka mchombo utagwa. Koma makolo omwewo sankati mwamuna apite kumowa. Bambo anga ine, mayi akakhala m'chikuta, ankawaza nkhuni mulu waukulu chifukwa moto sumayenera kuzima m'nyumbamo. Ankagwira nkhuku, ankapita kudambo kukasaka ndiwo, ankaonetsetsa kuti ufa ulipo. Ndipo panali lamulo lina lolimba: mwamuna asayerekeze kugona ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, kuopa mdulo. Anyamata a lero mwatolapo mbali yokoma yokha, yoti musalowe m'nyumba. Za nkhuni, za ndiwo ndi za kudziletsa mwazitaya kudzala. Musanamizire makolo ulesi wanu.

Musaganize kuti ndikuyankhula ngati munthu woyera. Ine ndinachita zoposa za mnyamata wa pa bawoyu. Mwana wanga woyamba anabadwa mu 1996, nthawi ya dzinja. Anabadwira pakhomo m'manja mwa azamba, monga zinkakhalira masiku amenewo. Atandiuza kuti ndi wamwamuna ndinanyamuka kukasangalala kumudzi wina kumene kunali masese. Ndinagona komweko. Usiku umenewo mwana anatentha thupi, anasiya kuyamwa. Mayi a kunyumba ndi apongozi anga anadikira ine, chifukwa njinga ndinapita nayo, ndalama zinali m'thumba mwanga, komanso mkazi sakanapita kuchipatala mwamuna wake asananene. Ndinafika dzuwa litakwera. Mwana anatisiya tili m'njira. Anali ndi masiku asanu. Anakamuika azimayi okhaokha monga mwa mwambo, ndipo mpaka lero pomwe anagona sindipadziwa. Bwenzi pano ali bambo wa ana ake.

Akazi anga sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kumandipweteka mpaka lero. Ana asanu amene anabwera pambuyo pake, masabata oyamba ine sindinkachoka pakhomo. Ndiye zimene ndikulemba apazi ndinaziphunzira mowawa.

Azaumoyo amatiuza kuti masiku 28 oyamba ndi amene khanda limakhala pachiopsezo chachikulu, makamaka sabata yoyamba. Khanda silidwala ngati munthu wamkulu amene amati ndiona mawa. Madzulo lili bwinobwino, m'bandakucha zinthu zaipa. Bambo aliyense azidziwa zizindikiro izi ngati momwe amadziwira mbozi m'chimanga: mwana kukana bere, kutentha thupi kapena kuzizira kwambiri, kupuma mothamanga kapena mobanika, kukomoka, kufooka osatakataka, maso ndi khungu kuchita chikasu, mchombo kufiira, kununkha kapena kutuluka mafinya. Kwa mayi: kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, mutu kupweteka kwambiri mpaka maso kuchita chidima, kukomoka, bala kutupa kapena kununkha. Mukaona chimodzi mwa izi musayambe mwapita kukaombeza, musadikire kuti kuche. Nyamukani.

Nanga munyamuka bwanji ngati simunakonzeke? Mimba imatenga miyezi 9, si ngozi yodzidzimutsa ayi. Thumba limodzi la soya kapena mtedza ligulitsidwe, ndalamayo isungidwe osaikhudza. Nambala ya wa kabaza ikhale m'foni, ndipo foniyo ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Palinso nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, 54747, yomwe mutha kuimba n'kufunsa. Ndiponso uzani akazi anu ndi apongozi anu lero lomwe kuti mwana akadwala inu kulibe, asadikire chilolezo chanu. Ine ndikanangonena mawu amenewa mu 1996, mwina nkhani ikanakhala ina.

Ntchito zina ndi za tsiku ndi tsiku. Madzi atunge ndinu. Nkhuni ndi zanu. Matewera mukhoza kuchapa, manja sathothoka ayi, ine ndachapa ndipo onse awiri alipo. Ana akuluakulu asambitseni, aphikireni phala, apite kusukulu. Khanda limayamwa usana ndi usiku, kasanu ndi katatu ngakhale kuposa, ndiye mayi sagona. Akamaliza kuyamwitsa mulandireni mwanayo, mum'gwire paphewa abyule, mayi atsinzineko pang'ono. Mwana wobadwa masiku asanakwane, uja amati am'fungatire pachifuwa khungu kukhudza khungu ngati kangaroo, chifuwa cha bambo chimafundanso chimodzimodzi. Neti imene analandira kusikelo ndi yoti mayi ndi mwana azigonamo, si yotchingira mbewu kudimba kapena yokokera matemba.

Za chakudya ndiye musandiyambe. Mayi woyamwitsa akudya nsima ndi nkhwani wopanda nsinjiro, bambo akudya kanyenya pamsika! Mazira a nkhuku zanu zomwe, nyemba, usipa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, thobwa, zonsezi zili m'manja mwathu ife alimi. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amati ndi woipa pomwe ndi umene umam'teteza ku matenda. Agogo akabwera ndi dawale, kapena akafuna kupaka phulusa pamchombo, mtsikana wa zaka 19 sangawakanize. Amene angakane mwaulemu ndinu bambo. Nenani kuti, “Amayi, achipatala aletsa, tiyeni titsate zimenezo.”

Za kudziletsa ndibwerezenso. Makolo ankati mdulo. Achipatala akuti mayi akatenga kachilombo ka HIV nthawi yoyamwitsa, mwana amatengera mosavuta kudzera mu mkaka. Mayina ndi awiri, koma onse akuloza mwamuna woyendayenda. Ndipo mkazi wanu musamukakamize za kumphasa thupi lisanachire. Pa masabata asanu ndi limodzi pitani naye limodzi kusikelo, mwana akalandire katemera, inu mukamve za kulera ndi makutu anu.

Ndikudziwa zimene munene m'makomenti. Wina ati, “Adzandiseka kuti ndadya khuzumule.” Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achimwene. Amene akusekaniwo sadzakuthandizani kulipira ngolo yonyamula wodwala. Wina ati, “Ine ndine mkamwini, ana ndi a kuchikazi, mwini wake ndi malume.” Popereka mimbayo munaitana malume? Wina ati, “Nanga kumunda apite ndani?” Funso ili lokha ndi lomveka, chifukwa udzu sudikira. Koma palibe amene wati musiye khasu. Lawirirani m'mamawa, madzi mutatunga kale, mubwere dzuwa lisanafike pamutu. Chimene ndikukana ndi masana onse pa bawo ndi usiku wonse ku kachasu. Anzathu olembedwa ntchito anachita kudikira lamulo la mu 2021 kuti bambo azipatsidwa masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa. Ife alimi tilibe bwana woti tikam'pemphe, tchuthi timadzipatsa tokha, koma ndi ife amene tikusowa pakhomo.

Nanunso amayi akuluakulu, apongozi ndi anamkungwi, ndili nanu mawu. Ntchito imene mumagwira m'chikuta ndi yaikulu, sindikuinyoza. Koma mnyamata akanyamula ndowa musam'seke, musamuthamangitse kuti choka apa si malo ako. Mukam'thamangitsa lero, mawa mudzadandaula nokha kuti mkamwini wanu ndi wosasamala. Ndipo si mtsikana aliyense ali ndi mayi ake pafupi. Uja wa pamjigoyu mayi ake anamwalira, anakwatiwa kuchitengwa, alibe wom'tungira madzi kupatula mwamuna wake. Mafumu athu mumalipiritsa anthu akaberekera pakhomo. Nanga mwamuna wosiya mkazi wa opaleshoni akusenza ndowa, ameneyo mlandu alibe?

Mnyamata uja ndamuuza nkhani ya mwana wanga, imene sindinaiuzepo munthu wa kunja kwa banja mpaka lero. Sanayankhe kanthu, koma bawo waisiya. Ndam'bwereka njinga yanga ndi zigubu ziwiri, ndipo tagwirizana kuti mawa 5 koloko tikumane pamjigo. Akapanda kubwera ndikamugogodera ndekha.

Abambo amene muli ndi khanda m'nyumba, tandiuzani m'munsimu: madzi amene akazi anu asamba lero watunga ndani? Gonani bwino.