Ndalama zakale za m'sutikesi: zigulitsidwe kapena zisungidwe?

M'nyumba zina za ku Chamama, pansi pa sutikesi ya agogo, mumapezeka kansalu komangamo ndalama zachitsulo zimene golosale iliyonse ingazikane lero: kobiri woboola pakati wa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, tiki, sheleni, mwina hafukoloni wa 1964 wokhala ndi mutu wa Kamuzu. Fodya akapanda kuyenda bwino ku okushoni ya Chinkhoma, nyengo yogula feteleza n'kuyandikira, pabanja pamabuka funso loti ndalamazi zigulitsidwe kapena ayi. Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zingaitane mboni imodzi, mzinda wa Afoinike wa Tyre, Turo wa m'Baibulo, pagombe la dziko la Lebanon.

Ofuna kugulitsa amati ndalama inapangidwa kuti iziyenda, ndipo mtengo wake uli m'chitsulo chake. Mbiri ya Tyre ikuwavomereza. M'chaka cha 126 Khristu asanabadwe, mzindawo utamasuka kwa mafumu achigiriki a ku Syria, unayamba kusula masekeli olemera pafupifupi magalamu 14, momwe siliva ankaposa magawo 90 pa 100 alionse. Mbali imodzi inali ndi mutu wa Melqart, mulungu wa mzindawo, mbali ina chiwombankhanga. Ayuda ankanyansidwa ndi mafano, koma msonkho wa kukachisi ku Yerusalemu, theka la sekeli kwa mwamuna aliyense, unkalipidwa ndi ndalama yomweyi chifukwa siliva wake anali wodalirika. Akatswiri ambiri amaganizanso kuti ndalama 30 zimene Yudasi analandira zinali za mtundu umenewu. Ngati ansembe anatsinzina pa fano pofuna siliva, n'kovuta kudzudzula mlimi amene waona thumba la feteleza m'kansalu ka agogo.

Komabe, ofuna kusunga ali ndi mlandu wolemera, ndipo nawonso akuloza ku Tyre. Afoinike ankalemba kwambiri pa gumbwa, zolembazo zinawola. Zambiri zimene zikudziwika za mzindawu zinalembedwa ndi anthu akunja: Ahebri anasimba za mfumu Hiramu ndi mikungudza imene anatumizira Solomo, Agiriki anasimba za Alexander amene mu 332 Khristu asanabadwe anauzinga miyezi 7, nathira miyala m'nyanja mpaka kufika pachilumba pamene unamangidwa. Pa ndalama m'pamene Tyre amadziyankhulira. Zoyambirira, za m'ma 450 Khristu asanabadwe, zili ndi chithunzi cha nkhono ya m'nyanja imene ankapangira utoto wofiirira umene unalemeretsa mzindawo. Masekeli aja alionse ali ndi chaka chake, kuwerengera kuchokera pa ufulu wa mzinda, ndipo anasulidwa kwa zaka pafupifupi 190. Kunonso n'chimodzimodzi. Sheleni ya mutu wa mfumu ya ku Britain ikukumbutsa msonkho wa nyumba umene unathamangitsa amuna kupita ku Halale ndi ku Joni. Tambala wa pa sikisi wa 1964 akusimba za ufulu, ndipo ndalama za 1971 zikuonetsa chaka chimene paundi imodzi inasanduka makwacha awiri. Mwana wa sukulu akazigwira m'manja, phunziro limakhazikika.

Kumbali ina, ndalama ndi mboni yokondera. Imaonetsa wolamulira, wogwira ntchito imamubisa. Amene ankaphwanya nkhono zonunkha zija sali pa sekeli, monganso tenanti amene ankathyola ndi kusoka fodya m'maesiteti a ku Kasungu sali pa hafukoloni. Ngakhale mawu a pa sekeli ndi achigiriki, chiyankhulo chimene kuno chimaphunzitsidwa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, osati chimene asodzi a ku Tyre ankayankhula padoko. Kansalu kokha, popanda mkulu wofotokoza kuti ndalamazo zinabwera ndi yani, kamanena zochepa.

Chimene chimapendeketsa sikelo ndi chaka cholembedwa pa ndalamayo. Britain ndi Southern Rhodesia anasiya kuika siliva m'ndalama zoyenda pamsika mu 1947. Zachitaganya, zimene zinayamba mu 1955, ndi za Malawi zonse zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku n'zosakaniza zitsulo zotchipa monga mkuwa, ndipo zinasulidwa zochuluka. Mphekesera zoti kobiri woboola angagule njinga yamoto zilibe maziko.

Motero ndalama yosulidwa kuyambira 1947 ili ndi phindu lalikulu m'manja mwa mphunzitsi kuposa kwa venda. Yasiliva ya kale kuposa apo ingagulitsidwe ngati banja lapanikizikadi, pokhapokha litafunsa mtengo kwa ogula angapo, ndiponso agogo atafotokoza mbiri yake wina n'kuilemba.