Khirisimasi Ndi Tsiku, Si Mwezi

Amayi anzanga, mwezi wa Disembala wafika. Nkhuku ya Khirisimasi yasankhidwa kale, mpunga wagulidwa, ndipo chimera cha thobwa chili padzuwa. Zonsezi nzabwino. Koma tiyeni tinong'onezane za chilundu chija chimene chimakana kukumana m'chiuno Januwale akafika.

Ambiri a ife tidakula tikumva kuti mkazi akanenepa ndiye kuti bambo akumsamala. Inde, thupi la mayi liyenera kuoneka kuti pakhomo pali chakudya. Koma kunenepa kopitirira muyezo kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuphwanya kwa mawondo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi 5 aliwonse adali wonenepa kopitirira muyezo, ndipo m'matauni adali oposa mmodzi mwa 3. Mayi akagona m'chipatala, ndani aphikire ana?

Chimene chimatinenepetsa si chakudya cha pa 25 Disembala ayi. Vuto nlakuti phwando timaliyamba sabata yathunthu tsikulo lisanafike, nkulikoka mpaka kupyola Chaka Chatsopano. Lero ukwati, mawa chinkhoswe, mkuja alendo a ku Joni. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tiyambe ndi zakumwa, pakuti ndizo zimaba mwakachetechete. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti munthu wamkulu asapyole timasupuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Tsono mukamwa mabotolo 2, mwapyola kale, musanawerenge shuga wa mu tiyi ndi wa mu thobwa. Chakumwa chotere sichikhutitsa, kotero nsima mudyabe monga mwa masiku onse. Imwani limodzi patsiku la phwando, ludzu likabweranso imwani madzi. Thobwa lophikidwa ndi chimera chabwino limatsekemera lokha, silifuna shuga wodzaza chikho.

Chachiwiri ndi mafuta. Nkhuku yokazinga, mpunga wothira mafuta, tchipisi ndi mandasi, zonse m'mbale imodzi! Sankhani chokazinga chimodzi. Nkhuku yachikuda yophika ndi tomato ndi anyezi imakoma ndi msuzi wake womwe. Mafuta muziyeza ndi supuni, osapungulira mumphika kuchokera m'botolo. Mcherenso muchepetse: kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku nkokwanira munthu wamkulu, kuwerengera zakudya zonse.

Pogawa, theka la mbale yanu likhale ndiwo zamasamba. Mvula yatipatsa bonongwe, nkhwani, chisoso ndi luni. Musachite nazo manyazi pamaso pa alendo. Mpunga kapena nsima, sankhani chimodzi. Ana akafuna zotsekemera, mango ali mbwee m'mitengo. Ndipo inu ophika, chenjerani ndi kulawalawa kukhitchini ndi kumaliza makombo a ana poopa kutaya. Zotsala sungani bwino, mawa mutenthetse mpaka zitenthe ndithu.

Kucheza nako kuli ndi msampha wake. Kukana chakudya cha apongozi ndi mwano, tonse tikudziwa. Landirani ndi manja awiri, idyani pang'ono, yamikani ophika. Musachoke pakhomo ndi njala poti mukadya uko, chifukwa wanjala sadziwa muyezo.

Inu a kumudzi, khasu likukuthandizani kale, pakuti ino ndi nyengo yopalira ndi kubandira. Nkhawa yanu ndi ina: musagulitse chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha phwando la tsiku limodzi, pamene Febuluwale akudikira. Inu a m'tauni, yendani ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Tsikani minibasi musanafike, pitani kumsika wapansi, ndipo ng'oma ikalira vinani.

Malangizowa si a amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndiponso si a ana. Iwo adye mokwanira magulu onse 6 a zakudya. Amene muli pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musawasiye chifukwa cha chikondwerero.

Musadzilange ndi njala, ndipo musataye ndalama pa mankhwala oti amasungunula mafuta. Ndalamazo zidikire fizi ya ana mu Januwale. Kondwerani, dyetsani alendo anu, koma pa 27 Disembala mphika ubwerere mwakale.

Khirisimasi yabwino kwa inu nonse ndi mabanja anu.